MMISIRI WA NYUMBA AMENE ADAPITA KU NKHONDO

M'nkhani yathu ya lero tikamba za moyo wa Sir Basil Spence, katswiri wa ku Scotland wolemba mapulani a nyumba. Ntchito imeneyi njosiyana ndi ya mmisiri woyala njerwa. Wolemba mapulani amayamba waiona nyumbayo m'maganizo mwake, kenaka amaijambula papepala, ndipo amisiri amatsata zimene iye walembazo.

Bambo Spence adabadwa pa 13 Ogasiti 1907 ku Bombay, mzinda wa ku India umene tsopano umatchedwa Mumbai. Akali mnyamata, makolo ao adaŵatumiza kwao ku Scotland kukaphunzira mu mzinda wa Edinburgh, ndipo m'chaka cha 1925 adaloŵa sukulu ya zaluso ya Edinburgh College of Art. Pambuyo pake adagwirako ntchito ku London mu ofesi ya Sir Edwin Lutyens, katswiri wotchuka wa masiku amenewo, asanabwerere ku Edinburgh kukayamba ntchito yaoyao.

Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itabuka m'chaka cha 1939, a Spence adaloŵa usilikali. Akuluakulu a nkhondo adaona kuti munthu wodziŵa mitundu, mithunzi ndi maonekedwe a zinthu angathe kuthandiza pa ntchito yapadera, yobisa mizinga, magalimoto ndi misasa kuti ndege za adani zisaione. Tsono munthu amene adaphunzira kumanga zinthu zoti anthu azizichitira kaso adasanduka wolinganiza zobisa ndi zonyenga maso. Ku Dover adalemba mapulani a malo abodza osungira mafuta, pofuna kuti Ajeremani aganize kuti asilikali adzaolokera ku France kuchokera kumeneko. M'ntchito zotere adakwera mpaka pa udindo wa meja.

Mu Juni 1944 adaoloka nyanja pamodzi ndi asilikali anzao nakafika ku Normandy, m'dziko la France. Kumeneko adaona chinthu chimene sadachiiŵale moyo wao wonse. Asilikali a Chijeremani adabisala m'nsanja za matchalitchi aŵiri akale, ku Ouistreham ndi ku Hermanville, ndipo akasinja a Angerezi adaomba nsanjazo kuti aŵatulutse. Mnzao wina ataŵafunsa chimene ankalakalaka kudzachita nkhondo ikadzatha, iwo adayankha kuti ankafuna kudzamanga tchalitchi chachikulu.

Kuti timvetse m'mene khumbo limeneli lidakwaniritsidwira, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Usiku wa pa 14 Novembala 1940, ndege za Ajeremani zidaponya mabomba pa Coventry, mzinda wa mafakitale ku England. Anthu oposa 500 adafa, ndipo tchalitchi chachikulu cha Mikaele Woyera chidapsa, n'kungotsala nsanja ndi zipupa zakunja. Patapita zaka 10, adalengeza mpikisano wa mapulani a tchalitchi chatsopano. Mapulani 219 adatumizidwa, ndipo m'chaka cha 1951 a Spence ndiwo adapambana.

Apa mpamene pagona nkhani yathu, omvera anzanga. Kodi bwinja limene nkhondo yasiya tizitani nalo? Ambirife tikadati lisalazidwe, kuti mtima uleke kuŵaŵa. Koma a Spence adatsata njira ina. Zipupa zopserera zija adazisiya chiimire, popanda denga, ndipo tchalitchi chatsopano adachimanga pambali pake ndi miyala yofiirira, nalumikiza ziŵirizo ndi khonde lalikulu. Khoma loyang'ana kubwinjako nla galasi lokhalokha. Choncho munthu potuluka m'mapemphero, maso ake sangalephere kuona zimene chidani chidachita.

Mfumukazi Elizabeth II idaika mwala wa maziko mu Malichi 1956, ndipo tchalitchicho chidapatulidwa pa 25 Meyi 1962. Patangopita masiku 5, m'menemo mudaimbidwa kwa nthaŵi yoyamba nyimbo ya Benjamin Britten yotchedwa War Requiem, yokumbukira amene adafa pa nkhondo. Mwa oimba otsogolera mudali Mngerezi ndi Mjeremani.

Koma tisabise, si zonse zimene a Spence adamanga zidaŵayendera bwino. Nyumba zao zosanjikiza 20 za ku Gorbals, dera la anthu osauka mu mzinda wa Glasgow, zidasautsa okhalamo ndi chinyezi, mpaka zidagwetsedwa m'chaka cha 1993. Pepala ndi moyo wa anthu sizilingana nthaŵi zonse, ndipo ngakhale katswiri amaphonya.

A Spence adamwalira pa 19 Novembala 1976 ali ndi zaka 69. Ku Coventry, bwinja lija ndi tchalitchi chatsopano zikali chiimire pamodzi, ndipo anthu a maiko osiyanasiyana amapitako kukapempherera chiyanjano. Kukhululuka nkotheka popanda kufafaniza zimene zidachitika.