Khutbah ya Jumu'ah ku Misesa: Mwana Wosekedwa Kusukulu

Abale ndi alongo mu Chisilamu, ku America kunatuluka buku la ana mu 2015, lolembedwa ndi Alex Gino, lonena za mwana wobadwa wamwamuna amene amadziona kuti ndi mtsikana. Nkhani zotere zikufika m'mafoni a ana athu. Makolo muziyamba ndinu kuziwerenga.

Chipembedzo chathu sichilola mwamuna kudzifanizira ndi mkazi. Komatu sichilolanso chipongwe chonga chimene khamu linachitira Tiwonge Chimbalanga kukhoti kuno ku Blantyre mu 2010. Surah Al-Hujurat, ndime 11, ikuletsa kusekana ndi kuitanana maina oipa. Mtumiki (SAW) atamubweretsera mwamuna wodzipaka hina ngati mkazi, anamusamutsa mu Madina, koma anakana kuti aphedwe chifukwa ankapemphera Swalah.

Mwana wotere akakhala ku madrasa kwanu, aphunzitsi, mutetezeni kwa anzake, ndipo makolo ake mukambirane nawo mseri.