Tisanalembe Kalata Yosiya Ntchito

Abale ndi alongo, takumana lero kuti tikambirane nkhani imene yaliritsa mabanja ambiri kuno ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri. Munthu amapsa mtima pantchito, nalemba kalata yosiya, mawa lake nkumadabwa kuti wabwera kunyumba chimanjamanja.

Choyamba tidziwe kuti m'Malawi muno mulibe thumba la boma lolipira anthu amene ali pa ulova. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zomwe zidayamba ku Mchinji m'chaka cha 2006, ndi za mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito. Choncho chimene tingadalire ndi chomwe lamulo la za ntchito, Employment Act ya 2000, limatipatsa.

Lamuloli, monga lidakonzedwera m'chaka cha 2010, likuti ndalama za sevelansi amalandira ndi munthu amene wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena yalowa pansi, ndiponso wochotsedwa popanda chilungamo. Wosiya yekha salandira.

Tiyerekeze mlonda amene wagwira zaka 7 pakampani ina ku Makata. Atamuchotsa pochepetsa antchito, alandira malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse cha zaka 5 zoyamba, ndi a masabata 3 pa chaka chilichonse cha zaka 2 zotsalazo. Onse pamodzi ndi masabata 16, pafupifupi malipiro a miyezi inayi. Koma akasiya yekha, zonsezo wazitaya. Ndipo ngati amalandira pamwezi nachoka osapereka notisi ya mwezi umodzi, abwana ali ndi ufulu womulipitsa. Nchifukwa chake mabwana ena akafuna kuchotsa munthu amamunyengerera kuti alembe yekha kalata. Tisasaine pepala lomwe sitinalimvetse. Abale athu a ku Joni nawonso achenjere: thumba la UIF silithandiza munthu wosiya ntchito mwa kufuna kwake.

Komabe wosiya yekha sataya zonse. Malipiro a masiku amene wagwira ndi a tchuthi chimene sanapite ndi ake. Penshoni nayonso ndi yake. Lamulo la penshoni la 2011 lidakhazikitsa kuti wantchito azisonkha 5 peresenti, wolemba ntchito 10 peresenti, ndipo ndalamazo zimakhala m'dzina la wantchitoyo ngakhale atasintha ntchito.

Nanga wozunzidwa apirire basi? Iyayi. Ngati abwana akutimana malipiro, kutinyoza kapena kutifuna zachisembwere mpaka sitingathenso kukhalapo, lamulo limaona kusiya kotere ngati kuchotsedwa. Koma pafunika umboni. Tiyambe tadandaula polemba kalata ndi kusunga kope lake, tikhalenso ndi mboni. Tikachoka, tikadandaule ku ofesi ya leba isanathe miyezi 3. Zikakanika kumeneko, nkhani imapita ku bwalo la milandu ya za ntchito, Industrial Relations Court, lomwe lili konkuno ku Blantyre.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Tisanasiye ntchito, tifunse a bungwe la antchito kapena a ofesi ya leba, tikambiranenso ndi a kunyumba kwathu amene amadya thukuta lathu.

Mafunso okambirana m'magulu:
1. Kodi tikudziwa wina amene adasiya ntchito mopsa mtima? Zidamuthera bwanji?
2. Ndani mwa ife ali ndi kalata yomulembera ntchito?
3. Mphakati wathu ungathandize bwanji mnzathu amene akuzunzidwa pantchito?