Sayilensa ya YZ yathu: tisathamangire kuwotcherera

Yamaha YZ125 yakale imene tikuidzutsa ija yafika pa ekisozi. Pena pake ndamva ena akuti tingodula paipi ya madzi, tiwotcherere kumbuyo, njinga ilire basi. Ine ndikuti ayi, ndipo ndifotokoza chifukwa chake, poti pistoni tili nayo imodzi yokha ndipo ndalama ya ina mu thumba la kalabu mulibe.

Injini iyi ndi two-stroke, mtundu umodzi ndi ma DT125 amene mwakhala mukuwaona ndi alangizi m'midzimu. Ilibe mavavu pamutu pa silinda. Paipi yotupa pakati ngati mimba ya mbuzi yokhuta ija ndi imene imagwira ntchito ya vavu. Utsi ukatuluka mu silinda, mbali yotambasuka ya paipi imauyamwa, kenako mbali yopanikizika imabweza mpweya ngati funde, n'kukankhira m'silinda mafuta atsopano amene amafuna kuthawira kunja. Amene anaikonza nzeru imeneyi mpaka kugwira bwino ndi Walter Kaaden wa kampani ya MZ ku East Germany m'zaka za m'ma 1950. Mu 1961 wokwera wake Ernst Degner anathawa, n'kupita nayo nzeruyo ku Suzuki, ndipo mu 1962 anapambana mpikisano wadziko lonse wa njinga za 50cc. Ndiye mukamaiona paipi yadzimbiriyo, muziilemekeza pang'ono.

Kumapeto kwa mimbayo kuli kapaipi kopyapyala kotchedwa stinger, ndipo sayilensa yathu ilumikizidwa pamenepo. Nkhani yonse yagona apa. Kapaipi aka ndi kamene kamalamula kuchuluka kwa mpweya wotentha wotsala m'kati. Kakachepa bowo, kutentha kumabwerera ku pistoni. Njinga imatha kuoneka ngati yawonjezera mphamvu kwa mphindi zochepa, inu n'kumaimba m'manja, kenako pistoni yagwira kapena yabooka pamutu. Kakakula kwambiri, funde lobwerera lija limafooka ndipo mphamvu imatsika. Gordon Jennings, m'buku lake la Two-Stroke Tuner's Handbook la 1973, anapereka muyeso woti bowo la stinger likhale pafupifupi magawo 6 mwa 10 a bowo la paipi yochokera ku silinda. Ife sitikupanga paipi yatsopano, choncho ntchito yathu ndi yophweka: tiyeze bowo la stinger imene ilipo ndi vernier, m'kati osati kunja, ndipo paipi ya m'kati mwa sayilensa ikhale ya bowo lomwelo, isachepepo ngakhale pang'ono. Poyeza palani kaye mwaye, chifukwa mwaye wa zaka zambiri umanamiza.

Sayilensa yeniyeniyo ili ndi zinthu zochepa. Pakati pamadutsa paipi yowongoka yobooledwa timabowo tambirimbiri, kunja kuli chitini cha aluminiyamu, ndipo pakati pa ziwirizi timaikapo fibreglass. Utsi umadutsa osatsekerezedwa, phokoso ndi limene limalowa m'timabowo n'kukafera mu fibreglass. Mukaboola nokha ndi drilu, palani tizitsulo totsalira m'kati. Fibreglass muikulunge mogwira koma osathinitsa ngati mukumanga thumba la makala. Yothina kwambiri siyamwa phokoso, yolekerera imauluka tsiku lomwelo. Valani magolovesi ndi chotseka pamphuno, imayabwa zoopsa, ndipo m'mapapo siyofunika. Sitiliwulu wotsukira mapoto musamuyese, akanyowa ndi oilo amayaka.

Aluminiyamu ndi chitsulo siziwotchererana, ndiye zotsekera kumapeto timange ndi mariveti, tipakenso silikoni wopirira moto. Mariveti ali ndi ubwino wina: two-stroke imalavula oilo, fibreglass imadzanyowa n'kulimba, phokoso n'kubwerera. Tsiku limenelo tidzangoboola mariveti, kusintha, kutsekanso. Mukawotcherera zonse, mwatseka chitseko n'kutaya kiyi.

Za paipi ya madzi ija, kuwonjezera pa kulemera kwake, imakutidwa ndi zinki, ndipo utsi wa zinki powotcherera umadwalitsa: mutu, kuzizidwa, thupi lonse kuphwanya. Paipi yakale ya njingayo nayonso ili ndi oilo m'kati, tiyitsuke isanaone moto.

Kumangirira pa njinga ndi pamene anthu amatopa n'kuyamba kuchita changu. Chotsani thanki ya petulo, muiike kutali, ndipo masulani mawaya a CDI musanayatse makina owotcherera. Gwirizitsani ndi timadontho tokha, kenako awiri a inu mukhale pa njinga mpaka kumbuyo kutsike kotheratu, wina ayang'ane ngati tayala kapena swingarm sizikukhudza sayilensa. Pa motocross njinga imadumpha, mpata umene ukuoneka ili chiimire siwoona. Onaninso pulasitiki ya m'mbali ndi mwendo wa wokwera. Pa bulaketi pakhale labala, chifukwa injini imeneyi imanjenjemera, ndipo chomangidwa chitsulo pa chitsulo chimang'ambika pafupi ndi pomwe mwawotcherera. Paipi isakokedwe kuti ifike pa bowo la bauti. Ngati sikufika, sinthani bulaketi.

Tikamaliza tisangoikwera n'kutsegula mafuta onse. Tiike pulagi yatsopano, tiyende pang'ono, tiimasule. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka zili bwino. Ikayera mbee, injini ikulandira mafuta ochepa, tizimitse n'kukweza jeti mu kabuleta tisanapitirize.

Pali ena akuti sayilensa ya chiyani, njinga zambiri zakale zinkathamanga zopanda. N'zoona, koyambirira kwa m'ma 1970 zambiri zinali choncho. Koma bwalo limene timayeserapo lili pafupi ndi nyumba za anthu, ndipo anatibwereka chabe. Amfumu akalandira madandaulo kawiri, njinga tidzakhala nayo koma poikwerera padzasowa.

Loweruka tikumane 8 koloko m'mawa. Amene muli ndi vernier ndi mfuti ya mariveti mubwere nazo, ndipo atsikana awiri amene munaphunzira kuwotcherera mwezi watha, timadontho toyamba tija ndi tanu.