MAU A MANJA, A MASO NDI A MAONDO

(Mau olankhulidwa pa msonkhano wa Bungwe ku Masasa, Mzuzu)



Nkhani yanga lero ndiyo ya mau amene munthu alankhula wosatsegula pakamwa, ndiwo mau a manja, a maso ndi a maondo. Ena adzati nkhani yotere iyenera ana; koma ine nditi iyenera makamaka inu oweruza mirandu, pakuti munthu akhoza kugwa pa mlandu, kapena kumanidwa nchito, cifukwa ca kumene anayang'ana pamene analikufunsidwa.

1. Mudzi wa mitundu yambiri. Mzuzu uno suli mudzi wakale. Unayamba kukula m'caka ca 1947, pamene anatsegula minda ya mitengo ya tung, ndipo unakwezedwa kukhala mzinda m'caka ca 1985. Pa zitunda zino za Masasa Mtumbuka amanga pafupi ndi Mtonga wa ku Nkhata Bay, ndipo Mngoni wa ku Mzimba atunga madzi pamodzi ndi Mnkhonde wa ku Karonga ndi Mcewa wa ku Kasungu. Yense anadza nao ulemu umene anamphunzitsa amace, ndipo pamwamba pa izi sukulu ndi ofesi zaonjeza ulemu wina wocokera kwa Azungu.

2. Zimene tigwirizana. Wofika pakhomo pa mwini aomba m'manja, nati, Odi. Mwana alandira mphatso ndi manja awiri, ingakhale singano. Wopatsa moni wamkulu acirikiza mkono wamanja ndi dzanja lamanzere. Mai agwada, mwamuna anjuta, ndipo wamng'ono saima ciriri pamene akulu akhala pansi. Kugwira m'ciuno polankhula ndi mfumu, kutsonya, ndi kuloza munthu ndi cala, tonse tiziyesa cipongwe. Poonetsa msinkhu wa mwana tiimika dzanja, pakuti kuliyala cafufumimba ndiko kuyesa mbuzi. Izi tizisunge, popeza ndizo zikhalitsa anansi mwamtendere.

3. Pamene malamulo awiri atsutsana. Kumudzi mwana aphunzira kuti wamkulu akalowa udzicepetse, ukhale pansi, ndi maso ako ayang'ane pansi. Kusukulu mwana yemweyo auzidwa kuti aimirire, nayang'ane mphunzitsi m'maso. Onse awiri afuna ulemu, koma wina aufuna pokhala, wina poimirira.

Ndiri kalaliki mu ofesi ina, anafika anyamata awiri kudzafuna nchito ya mthenga. Woyamba anaima njo, nayankha maso ali pa mkulu wa nchito. Waciwiri anawerama pang'ono, manja ali pamodzi, maso ali pansi. Ataturuka, mkuluyo anati waciwiriyo ali ndi kanthu kobisa, nalemba woyamba. Ine ndinadziwa kuti mnyamatayo analeredwa bwino, ndi kuti maso ace anali kupereka ulemu. Koma ndinakhala cete poopa kutsutsa mkulu wanga, ndipo kufikira lero cinthuci cindiwawa mumtima. Cosiyana naco cicitikanso pa bwalo la mfumu: mwana wokulira m'tauni ayang'ana nduna m'maso monga anamphunzitsa kusukulu, ndipo anthu ati ngwamwano, mlandu wace usanamveke.

4. Zimene apeza anthu ofufuza. M'caka ca 1872 Charles Darwin wa ku England anasindikiza buku la maonekedwe a nkhope, atatumiza mafunso kwa amishoni ndi ena okhala m'maiko akutali. Iye anaona kuti kuseka, kulira, mantha ndi mkwiyo zioneka cimodzimodzi pa mitundu yonse, koma kuti zizindikiro zina, monga kupsompsona, ziri za mwambo wa dziko. M'caka ca 2006 Charles Bond ndi Bella DePaulo a ku America anasonkhanitsa zofufuza zoposa 200 za kuzindikira bodza, napeza kuti anthu poyang'ana ndi kumvetsera wolankhula alondola kokwana 54 pa 100 pokha, pamene wongolota alondola 50. Cotero iye amene anena kuti adziwa wabodza pa maso adzinyenga yekha. Wosalakwa anjenjemera pa bwalo cifukwa ca mantha, ndipo mbala yozolowera iyang'ana mfumu m'maso osaphethira.

5. Ulemu suli m'cizindikiro cimodzi. M'caka ca 2020, pamene nthenda ya korona inafika m'dziko muno, tinaleka kugwirana canza. Kodi ulemu unatha? Iai. Tinabwerera ku kuomba m'manja kwa makolo athu, ena naika dzanja pacifuwa, ndipo panalibe mfumu inadandaula kuti yanyozedwa. Pamenepo tinaphunzira kuti cizindikiro cikhoza kusintha, mtima wa ulemu uli womwewo.

Sindinena kuti tileke kupenya thupi la mnzathu. Mnansi akakhala pakhonde atagwira tsaya, wosayankha moni monga mwa masiku onse, usampitirire. Khala pansi, umfunse. Mai akabwera pa njira manja ali kumutu, tidziwa kuti kwagwa zobvuta, ndipo tithamanga. Thupi litiuza pofunsa, koma yankho licokera pakamwa ndi kwa mboni.

6. Zopempha zanga ziri zitatu. Coyamba, kwa inu Mafumu ndi nduna: musaweruze munthu pa maso ace kapena pa kunjenjemera kwa manja ace, funsani kumene anakulira, mverani mboni, ndipo kumbukirani kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Caciwiri, kwa makolo ndi aphunzitsi: phunzitsani ana njira zonse ziwiri, kuti adziwe pogwada ndi poimirira, ndipo musanyoze imodzi pofuna kukweza inzace. Cacitatu, kwa ife a m'maofesi: tikaona mbale aweruzidwa molakwa cifukwa ca ulemu wa kwao, tilankhule nthawi yomweyo, tisacite monga ndinacita ine.

Pamene Levi Mumba ndi anzace anayambitsa North Nyasa Native Association m'caka ca 1912, anafuna kuti Boma limve maganizo a anthu, ndi kuti anthu amve malamulo a Boma. Nchito yomasulira pakati pa anthu osamvana siinathe, ndipo pano pa Masasa yagwera ife. Ndipempha Wapampando kuti zopempha zitatuzi zilembedwe m'buku la msonkhano, ndi kuti Mafumu akaziwerengere anthu ao.