KUYEZETSA MWANA WOFOOKA MINOFU: Mau a mnzathu pa msonkhano wa pachaka



Komiti inandipempha kuti ndilankhule za matenda a Duchenne, popeza mwana wathu wamwamuna ali nawo. Ine sindine dotolo, ndine kholo chabe. Mfundo yanga ndi imodzi: mwana akamafooka miyendo, kuyezetsa msanga kuli ndi phindu, ngakhale matendawo akhale osachizika.

Dzinali ndi la Guillaume Duchenne, dotolo wa ku France amene analongosola matendawa m'zaka za m'ma 1860. Amagwira makamaka anyamata, pafupifupi mmodzi mwa ana aamuna 3,500 mpaka 5,000 obadwa. Mu 1986 akatswiri a ku Boston, motsogozedwa ndi Louis Kunkel, anapeza jini yake, ndipo mu 1987 anapeza kuti chosowa m'thupi ndi puloteni yotchedwa dystrophin, imene imateteza minofu. Popanda iyo, minofu imaonongeka pang'onopang'ono.

Wathuyu atakwana zaka zinayi ankagwaigwa, osatha kuthamanga, ndipo masitepe ankamuvuta. Koma akatumba a m'miyendo anali aakulu, mwakuti anansi ankati tabala katswiri wa mpira. Ena ankati ndi ulesi, ena poliyo, ena ankanong'ona za ufiti.

Kuyeza kunali panayi. Poyamba dotolo anamukhazika pansi namuuza kuti adzuke. Mwana anagwira pansi, kenaka maondo, kenaka ntchafu, ngati nkhalamba. Madotolo amachitcha chizindikiro cha Gowers. Kachiwiri anamutenga magazi kuti aone CK, chinthu chimene chimatayikira m'magazi minofu ikamaonongeka. Kwa mwana wathanzi CK sapitirira mazana ochepa. Wa mwana wathu anali m'masauzande. Kachitatu, magazi ena anatumizidwa ku Johannesburg kukaunika jini yeniyeniyo, imene ili ndi zigawo 79, kuti aone chimene chasowa. Tinadikira miyezi iwiri, ndipo kunena zoona tulo tinalibe. Kachinayi anayeza mayi ake a mwanayo, napeza kuti jiniyo ali nayo.

Apa ndikupemphani mukumbukire Biology ya mu Fomu 4. Jini imeneyi imakhala pa X. Mtsikana ali ndi ma X awiri, choncho wina amathandiza mnzake. Mnyamata ali ndi X mmodzi yekha, wochokera kwa mayi ake. Mayi akakhala ndi jiniyi, pa mimba iliyonse ya mwana wamwamuna mwayi woti adwale ndi theka, ndipo mwana wamkazi aliyense, mwa theka lomwelo, angaitenge nadzaipatsira ana ake.

Abambo anzanga, mverani bwino. Mayi alibe mlandu. Palibe munthu amasankha jini zake, ndiponso mwa anyamata atatu odwala, mmodzi matendawa amangoyambira pa iye, mayi ake alibe. Mwamuna wothawa banja kaamba ka zotere ndi wamantha. Ife tinaitana malume a mwanayo, mwini mbumba, ndi kuwafotokozera zonse, chifukwa nkhaniyi ikukhudza alongo awo onse ndi ana awo aakazi. Akuyenera kuyezetsa asanaganize zobereka, komanso kupimitsa mtima, popeza amayi ena okhala ndi jiniyi mtima umawavuta.

Wina afunsa kuti, nanga phindu lake n'chiyani ngati mankhwala ochiza kulibe? Choyamba, dzina la matenda linatseka pakamwa olozana zala, ndipo ndalama sizinathere kwa asing'anga. Chachiwiri, mankhwala a prednisolone amachedwetsa kufookako, ndipo mwana amayenda nthawi yotalikirapo. Chachitatu, tinaphunzitsidwa kumuongola miyendo tsiku ndi tsiku, ndipo madotolo amamupima mtima ndi mapapo nthawi ndi nthawi. Chachinayi, akafunika opaleshoni timawauziratu, chifukwa mankhwala ena ogonetsa ndi oopsa kwa mwana wotere. Tikudziwanso kuti ambiri amasiya kuyenda cha m'ma zaka 12, choncho njinga ya olumala ndi khomo lalikulu tikukonzeratu. Akulu anati safunsa anadya phula.

Pomaliza ndili ndi mapempho atatu. Inu aphunzitsi, mnyamata wotsalira pa masewera musathamangire kumukalipira. Itanani makolo ake. Inu anamwino ndi madotolo amene munatuluka pa sukulu ino, mukaona mnyamata wodzuka movutika, kumbukirani CK. Ndipo inu a komiti, pa thumba lathu la chitukuko ganizirani zomanga njira yotsetsereka pa makalasi ndi pa zimbudzi, kuti mwana wa pa njinga adzaphunzire pamene tinaphunzira ife. Wathuyu masamu amawatha kuposa bambo ake, ndipo aphunzitsi anga ali apawa angachitire umboni kuti zimenezo n'zosavuta.