LIU LAKALE LA M'MAKALATA A MAPANGANO

Lero tikambirane za liu limodzi lakale la Cingerezi limene mungalipeze m'makalata a mapangano a malo kapena a ngongole. Liulo ndi heretofore. Eni ace cinenero salichulanso poceza, koma odziwa malamulo ena akali kulilemba.

Tiyambe ndi kachulidwe kace. M'cinenero cathu timachula lemba liri lonse, cotero ambiri angawerenge kuti he-re-to-fo-re, zigawo zisanu. Kutero nkulakwa. Zigawo zace nzitatu zokha: here-to-fore. Lemba la e lotsiriza mu here ndi mu fore silimveka ai. Nenani "hiya" mofulumira ngati cigawo cimodzi, kenaka "tu", ndipo mutsirize ndi "foo". Mau anu alimbe pa cigawo cotsirizaco.

Tsono tilimasule monga timamasulira mtolo wa nkhuni. Here ndiye kuti pano, kapena nthawi ino. Tofore ndi liu limene linafa kale, locokera ku toforan m'Cingerezi ca makolo ao, ndipo limanena za cinthu cimene cinatsogola. Tikaphatikiza, heretofore ndiye kuti "kufikira tsopano", kapena "m'mbuyo monsemu". Liuli lirimo m'Baibulo la King James la caka ca 1611, pa Eksodo 5:7, pamene Farao analetsa akapitao kupatsa ana a Israyeli udzu woumbira njerwa umene ankawapatsa kale.

Apa ndipo pofunika kucenjera. Pali liu lina lofanana nalo poyambira, ndilo hereafter. Nalonso liri ndi zigawo zitatu, here-af-ter, koma mau amalimba pakati: hiya-AF-ta. Tanthauzo lace ndi "kuyambira tsopano kunka mtsogolo". Loyamba lija liyang'ana kumbuyo, laciwirili liyang'ana kutsogolo.

Tiyerekeze kuti kalata ikunena za dambo lodyetsako ng'ombe. Ikati heretofore, ikusimba m'mene zinthu zakhala ziliri. Ikati hereafter, ikuika cimene inu ndi ana anu mudzatsata. Womasulira akasinthanitsa mau awiriwa, mudzi ungabvomere cinthu cimene sunafune, ndipo mlandu udzabuka pambuyo pace.

Cifukwa cace, mafumu, musafulumire kulemba dzina kapena kudinda cala. Muuzeni wowerengayo alichule liulo pang'onopang'ono, ndipo mumvetsere cigawo cotsiriza: kodi ndi "foo" kapena "ta"? Kufunsa ndi kudziwa njira. Tsalani bwino nonse.