Ng'ala Imachoka: Mau a Mlembi pa Chikondwerero cha Amayi a Mvano

Lipoti la ndalama mwamva kale. Ife tapempha kampata kuti tinenepo za ng'ala ya m'maso.

Tiyambe ndi agogo athu aja. Dzina sititchula, ambiri mukuŵadziŵa. Adakhala zaka zitatu osaona. Poyamba ankati kunja kwachita nkhungu, kenaka nkhope za anthu zidasoŵa, mpaka adangotsala ndi kuzindikira kuti uku kwacha, uku kwada. Kwao ndi m'mphepete mwa dambo lathu lalikulu lija, limene azungu amalitcha Elephant Marsh, ndipo mukudziŵa kuti kumeneko wosaona sangakatunge madzi yekha, pakuti ng'ona siichenjeza. Kudimba adaleka. Pamene madzi adasefukira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, adachita kuŵabereka kumsana usiku ngati khanda. Koma chimene chinkaŵadya mtima koposa ndi mdzukulu wao wamkazi, amene adasiya sukulu ali Sitandade 5 kuti aziŵagwirira ndodo, kuŵaperekeza kuseri, ndi kuŵachotsera minga mu nsomba.

Ife tinkapita kukaŵazonda titasenza ufa ndi nkhuni, pobwerera nkumauzana kuti ndi ukalamba. Pamenepa tidalakwa, tivomere. Ukalamba umabweretsadi ng'ala, komatu ng'ala imachoka.

Monga adatifotokozera a chipatala, m'kati mwa diso muli kanthu konga kagalasi, kamene kuŵala kumadzerapo. Munthu akamakula, kanthuko kamachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. Matenda a shuga ndi kuvulala diso kumafulumizitsa zimenezi. Palibe mankhwala akumwa kapena odontheza amene angachotse ng'ala. Dokotala amachititsa dzanzi disolo, munthu ali maso, nachotsa kambuu kaja, naikamo kagalasi kena katsopano kokhaliramo. Kaŵirikaŵiri ntchitoyi siikwana ndi theka la ola lomwe, ndipo m'maŵa mwake amamasula bandeji. Diso salikolowola ai, ndipo zoti amakuikani diso la mbuzi ndi nkhambakamwa chabe. Kale, inde, ankangochotsa osaikamo kanthu, munthu nkumavala magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Magalasiwo akasweka, kapena akapita ndi madzi, mwiniwake ankabwerera mumdima. Nchifukwa chake achikulire ena akukayikabe mpaka lero, ndipo tisaŵaseke.

Vutoli si lachilendo m'chigwa muno. M'chaka cha 1983, malemu Dr Moses Chirambo, Mmalaŵi woyamba kukhala katswiri wa maso, adayeza maso a anthu a kuno pamodzi ndi anzao, napeza kuti ng'ala ndiyo inkachititsa khungu anthu ambiri kuposa nthenda ina iliyonse. Trachoma, nthenda ija yoloŵetsa nsidze m'diso, idavutanso kwambiri kuno, koma mu 2022 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti dziko la Malaŵi laigonjetsa. Ng'ala yokha siidzatha chotero, popeza anthu sadzaleka kukalamba.

Palinso china chimene tifuna muchisunge. Mu 1995 madokotala adalemba zimene adaona pakati pa odwala ng'ala a m'zipatala za Chikwawa ndi Nsanje: amene ankavomera opaleshoni msanga ndi aja amene adakambapo za iyo ndi munthu wina, kapena amene ankadziŵa mnzao wochitidwa kale. Ndi mmenenso zidakhalira ndi agogo athu. Ife tidalankhula mpaka kutopa, iwo ai. Tsiku lina kudabwera bambo wina wa mudzi woyandikana, msodzi, amene adachitidwa opaleshoni chaka chapitacho. Adakhala nawo pamphasa, naŵagwiritsa zikope zake ndi zala kuti amve okha kuti maso ndi ake omwe aja. Sabata yomweyo agogo adati, "Ndiperekezeni."

Adapita ku chipatala cha maso cha Lions Sight First ku Queen Elizabeth, ku Blantyre. Opaleshoni sadalipire, ife tidangosonkha ya basi ndi kamba. Amene adaŵaperekeza akuti atamasulidwa bandeji adayang'ana mwana wao nthaŵi yaitali, kenaka nkunena kuti, "Iwe, imvi zonsezi zidabwera liti?" Lero akusankha okha nyemba m'lichero, akukoleza moto, ndipo chilimwe chathachi adabzala mbatata kudimba. Ulusi pa singano umaŵavutabe popanda magalasi oŵerengera, koma iwo amangoseka. Mdzukulu uja adabwerera kusukulu. Adabwereza kalasi, komabe ali pasukulu.

Tisakunamizeni kuti onse zimaŵayendera chomwecho. Mayi wina wa m'gulu lathu adachitidwa opaleshoni kwina, nabwerera akuona bwino. Kunyumba adapeza palibe womphikira, tsono adaloŵa m'khitchini la utsi tsiku lomwelo, mankhwala odontheza nkuŵasiya patapita masiku anai. Diso litayamba kufiira, achibale adamfinyira masamba m'menemo, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala lidapita chifukwa chosoŵa ya basi. Diso lija lidatayika. Ife tidaamva nkhaniyi mochedwa, ndipo imatichititsabe manyazi, chifukwa mphika wa nsima tikadatha kumphikira. Alipo enanso amene pansi pa ng'ala pamakhala nthenda ina yoononga mtsempha wa diso, imene a chipatala amati glaucoma. Otere ngakhale ng'ala ichoke saona mokwanira, ndipo akachedwa kupita mpamene zimaipiratu.

Tsono komiti yagwirizana izi. Mtsogoleri wa dera lililonse alembe maina a achikulire amene asiya kuyenda okha, makamaka amasiye, pakuti ndiwo amasoŵa oŵaperekeza. Tikaŵayezetse ku chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, chilimwe chino misewu isanaduke. Wochitidwa opaleshoni aliyense tizimphikira ndi kumtungira madzi masabata aŵiri, wina nkumamdonthezera mankhwala m'manja mwake mutasambidwa ndi sopo, ndipo ya basi yobwerera kukaonetsa diso tiziisunga padera asanapite nkomwe. Agogo athu avomera kuyenda nafe m'midzi kukalankhula ndi anzao amantha, bola akuti tisaŵakwezetse bwato kumene kuli mvuu. Atsogoleri a madera tionane pansi pa mtengo uja tikatha kudya, mubwere ndi makope anu.